Mkangano wa America ndi China, ndi soya wathu wa ku Mchinji kuno

Zikomo mfumu, zikomo amayi ndi abambo. Akumbuyoko senderani kuno, mthunzi ulipo.

Sabata yatha pa Kamwendo anthu akhuthulira mavenda soya pamtengo wolira, ati amva kuti America ndi China ayambana, ndiye chaka chino msika kulibe. Mayi wina, sindimutchula, wagulitsa mpaka wa mbewu. Abale anga, musagulitse chifukwa cha mphekesera.

Mkanganowo ulipodi, koma si wa mfuti. Ndi wa msonkho umene katundu amalipira polowa m'dziko, monga zimakhalira pa chipata cha Mwami apa. Mu 2018 a Trump, pulezidenti wa America, anakweza msonkho pa katundu wa ku China. China inabwezera, kuika 25 peresenti pa soya wa ku America, n'kumakagula wambiri ku Brazil. Mlimi wa ku America analira, wa ku Brazil anaseka. Soya yemweyo! Ndiye venda wa panjinga uja wadziwa bwanji kuti inu muli mbali yolira? Akadakhala kuti msika wafa, iye akugulirani chiyani? Akadye yekha? Musagulitse chifukwa cha mphekesera.

(Bambo wina: "Alangizi, nanga ife ku America'ko timagulitsako chiyani? Si za eni ake izi?")

Mwafunsa bwino bambo, khalani pansi ndikuyankheni. Timatumizako fodya, tiyi, shuga ndi makadamiya. Kuyambira chaka cha 2000 pangano la AGOA linkalola katundu wambiri wa mu Africa kulowa kumeneko popanda msonkho. Koma mu April 2025 America inalengeza misonkho pafupifupi pa dziko lililonse. Lesotho, kadziko kosoka majinzi, anakatchulira 50 peresenti, ndipo ngakhale anadzatsitsa, maoda anali atayamba kale kuthawa. Chitseko chimenechi chimatsekeka msanga. Mu 2019 fodya wathu anaimitsidwa pa madoko a America chifukwa cha nkhani yogwiritsa ana ntchito. Inu amene mumajombetsa mwana kusukulu kuti akasoke fodya m'chigafa, musayang'ane pansi, ndikukuonani.

Kwina kumene zimatipweteka ndi feteleza. Wambiri timachita kuitanitsa kunja, ndi madola. Mu 2021 China inachepetsa feteleza wotuluka m'dziko mwake, mu 2022 nkhondo ya Russia ndi Ukraine inawonjezera moto, kenako mu November 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti. Thumba la Urea munaliona nokha mmene linathawira. Choncho bambo, si za eni ake ayi. Zimatifika, kungoti zimadzera ku sitolo ndi ku pampu ya mafuta. Inu mukataya soya lero, feteleza wodulayo mudzamugula ndi chiyani mvula ikagwa?

Ndaona amayi ayamba kumanga nsalu, ndithamange. Mtengo wotsikitsitsa umene boma limalengeza muudziwe, mverani wailesi. Sikelo ikhale yodindidwa ndi a Malawi Bureau of Standards, osati ya m'thumba mwa venda. Gulitsani pagulu, kudzera ku kopaletivi. Soya aume bwino, musaunjike pansi. Mbewu patulani kaye. Mtedza, mpendadzuwa, dzalaniko, manyowa pangani. Mukamva china chachilendo, bwerani mudzandifunse musanamasule thumba.

Ofuna kulembetsa matumba, alembi ali pansi pa mango apo. Mfumu, ndabweza mawu kwa inu.