Makalata a omvera: za magulu a masapota pa foni

Moni nonse kumene muli. Thumba la makalata sabata ino lafika lolemera, ndipo ambiri mwalemba za zomwe zikuchitika m'magulu a masapota a mpira pa WhatsApp ndi pa Facebook.

Achimwene a ku Area 25 ku Lilongwe, moni wanu wopita kwa agogo ku Ntchisi wafika, tauwerenga.

Tsopano kalata iyi, ndikupempheni mukweze wailesi pang'ono. Yachokera kwa bambo ena a ku Zingwangwa. Akuti:

"Mwana wanga wamkazi, wazaka 16, anapita ndi mlongo wake kukaonera mpira atavala jezi ya timu yomwe amaikonda. Wina anamujambula iye osadziwa, n'kuponya chithunzicho m'gulu la masapota a timu ina. Anthu anayamba kunena za thupi lake, mawu oti sindingawalembe. Kenako wina anaikamo nambala yake ya foni. Usiku wonse foni inkangolira, amuna achikulire akuimba. Sabata yathayi wakana kupita kusukulu. Nditamuimbira adimini wa gululo anandiyankha kuti, 'Madala, ndi macheza a mpira, musatengere pamtima.' Ndichite chiyani?"

Bambo, pepani kwambiri. Choyamba, mwanayo musamukalipire. Kuvala jezi si mlandu, kupita ku sitediyamu si mlandu. Akumve inu bambo ake mukunena ndi pakamwa panu kuti iye sanalakwe, chifukwa ana ambiri zikatere amadziimba okha mlandu. Musafufute mauthengawo. Jambulani zonse, manambala amene anaimba, tsiku ndi nthawi, mupite nazo kupolisi ku Victim Support Unit, nthambi yothandiza ozunzidwa. Dziko lino lili ndi lamulo la 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security Act, ndipo kuzunza munthu kudzera pa foni kapena pa intaneti ndi mlandu. Komanso kuyambira 2017 malamulo athu akuti aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Muthanso kuimba pa 116, nambala yaulere yothandiza ana, akalankhule ndi mlangizi. Mukawafotokozerenso aphunzitsi aakulu kuti pobwerera kusukulu anzake asamuseke.

Koma mawu a adimini aja andipweteka. Macheza a mpira timawadziwa ife. Maule akagwetsa Manoma pa Kamuzu Stadium, Lolemba m'minibasi simukhala bata, neba amachita kubisa jezi pansi pa matiresi, ndipo tonse timaseka. Amenewo ndiye macheza. Mumaseka timu, mumaseka goloboyi wodontha manja, mumaseka kochi. Nanga thupi la mwana wa eni lalowa bwanji m'bwalo? Nambala yake ya foni yamwetsa chigoli chanji?

Inu maadimini, ndikulankhula ndi inu. Munthu akachedwa kusonkha ya mafuta a basi yopita ku Lilongwe mumamutulutsa tsiku lomwelo. Koma wina akaponya zolaula, kapena kutukwana mnzake chifukwa cha mtundu wake, mumangoti zii. Mphamvu yofufuta uthenga ndi kuchotsa munthu muli nayo m'manja. Ndipo inu amene simunalembe kanthu koma munatumiza chithunzicho kugulu lina, musadziyeretse. Chithunzi sichiyenda chokha, chimayenda ndi chala chanu. Paja mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Matendawa sali kwathu kuno kokha. Pa 11 Julayi 2021 England itagonja kwa Italy pa mapenate ku Wembley, Marcus Rashford, Jadon Sancho ndi Bukayo Saka anaphonya, ndipo usiku womwewo masamba awo a pa intaneti anadzaza ndi zonyoza khungu lawo. Saka anali ndi zaka 19 zokha. Ena mwa otukwanawo anali ochemerera timu yomweyo, ndipo apolisi a ku Britain anamanga anthu angapo. Amene mumaganiza kuti dzina labodza pa Facebook likubisani, muziganizire bwino.

Amayi ena a ku Chipata, ku Zambia, alemba modandaula za Barbra Banda, amene atapatsidwa mphoto ya BBC ya wosewera mpira wamkazi wopambana mu 2024, anthu anamunyoza za maonekedwe ake. Mwanena zoona amayi. Ndipo athu omwe a Scorchers, timu ya dziko lino ya mpira wa amayi, m'malo mowathokoza, ena amathamangira kunena za nkhope ndi miyendo. Temwa Chawinga anamwetsa zigoli 20 mu ligi ya ku America chaka chomwecho. Kambani zimenezo.

Mnyamata wa ku Luchenza akuti akatuluka m'gulu anzake amuyesa wamantha. Tuluka mwana wanga, zotsatira za mpira uzimva pa wailesi pompano.

Achemwali a ku Mzuzu, ndinu adimini ndipo mukufunsa ngati n'koyenera kulemba malamulo a gulu. Eya, lembani lero lomwe, achepe, aliyense wolowa awawerenge, ndipo woyamba kuwaphwanya achoke ngakhale atakhala mlamu wanu.

Bambo a ku Zingwangwa, mukapita kupolisi mutilemberenso, tikufuna timve mmene zayendera komanso ngati mwanayo wabwerera m'kalasi.