Za ku Joni: injini ikulira koma boti silikuthamanga

Moni nonse amene mukumvera, kaya muli pa Chitakale, pa Limbuli, ku Luchenza kapena anzanga a ku Joni amene mumatsegula izi usiku mukaweruka. Lero ndikujambula ndili kumudzi kuno ku Mulanje, ndabwera ku holide, nde mukamva mvula pa malata mundikhululukire. Mphwanga wandifunsa dzulo kuti achimwene, ntchito yanu ya maboti ija kwenikweni mumatani, mesa ndi kutsuka basi? Nde ndati ndiyankhe pompano kuti ena amveko.

Ndimagwira ntchito ku Vaal Dam, cha ku Deneysville, pamalo posungira ndi kukonza maboti a anthu a ndalama zawo amene amabwera pa wikendi kuchokera ku Johannesburg kudzathamanga pamadzi, kukoka ana pa chubu, ena kuwedza. Kutsuka ndinayambiradi, ndipo mu Juni madzi a kumeneko amazizira mpaka zala kuuma. Koma chimene chinandichotsa pa ndowa ndi bulashi ndi kumvetsa chinthu chimodzi chimene amati slip.

Pulopela iliyonse, chitsulo cha mapiko chozungulira m'madzi nkukankha boti chija, ili ndi nambala ziwiri, ina ndi kukula kwake, ina ndi pitch. Pitch ndi mtunda umene boti likanayenda pulopela ikazungulira kamodzi zikanakhala kuti madzi sathawa. Koma madzi amathawa, nde mtunda weniweni umachepa, kusiyana kumeneko ndiye slip. Inu a ku Thyolo mukudziwa bwino galimoto ikalowa misewu ya m'minda ya tiyi nthawi ya dzinja, tayala limazungulira kwambiri koma galimoto nkumasuntha pang'ono, basi maganizo ake ndi omwewo.

Tiyeni tiwerengere limodzi, musathawe masamu, ndi a pulayimale awa. Tinene kuti injini ikuzungulira 5,500 pa mphindi mutaponda moto wonse, giya yake ndi ya 2 kwa 1, kutanthauza kuti pulopela ikuzungulira 2,750. Pitch ndi mainchesi 19, omwe ndi masentimita 48 ndi pang'ono. Mukachulukitsa mupeza mamita pafupifupi 1,330 pa mphindi, kapena makilomita 80 pa ola. Tsono mukayang'ana GPS pa foni nkuona 68, ndiye kuti 12 atayika pa 80, slip yanu ndi 15 peresenti. Ndipo muyeze popita ndi pobwerera nkutenga pakati, chifukwa mphepo imanamiza.

Apa mpamene eni maboti ambiri amasokonekera. Amafuna slip ifike pa ziro, koma sizingatheke ndipo sizofunika nkomwe, pulopela imakankha boti chifukwa choti ikuponya madzi kumbuyo, popanda zimenezo palibe kuyenda. Boti lothamanga wamba likakhala pakati pa 10 ndi 15 peresenti lili bwinobwino, musaligwire. Maboti olemera amapitirira pamenepo. Koma boti lopepuka likamaonetsa 25 kapena 30, pamenepo petulo akungopsa ulere, ndipo ine zimandiwawa mumtima chifukwa petulo amene boti lalikulu limamwa tsiku limodzi ndi ndalama yoti kuno banja ladyera masiku ambiri.

Munthu akabwera nati ndigulireni pulopela yatsopano, ine ndimati bwana dikirani kaye, tione pansi pa boti. Boti likakhalitsa m'madzi limamera ndere, kunyanja yamchere zimamatirira ndi tinkhono tomwe, nde kunsi kukakhala kokhakhala boti limalemera kukankha ndipo slip imakwera. Ku Hartbeespoort vuto lawo ndi namasupuni, yemwe uja amavutitsa pa Shire, amakulunga pa giya nkutsekereza madzi oyenera kufika pa pulopela. Kenako katundu, ena amadzaza makula bokosi, mabatire, anthu ambiri, ena madzi analowa kalekale pansi pa bolodi osatsegula pulagi yotulutsira madzi. Kenako mapiko enieniwo, kungogunda mwala kapena chitsa kamodzi nsonga nkupindika pang'ono, maso sangaone bwino koma mukayendetsa chala mumamva.

Chimene ndimakonda kwambiri ine ndi nkhani ya kutalika kwa injini pa matako a boti. Pamwamba pa pulopela pali kachitsulo kafulati, nde poyambira kamayenera kukhala pafupifupi mzere umodzi ndi kunsi kwa boti. Injini ikakwezedwa kwambiri, kapena woyendetsa akakweza trim mopitirira, ndiye kupendeketsa injini kuti pulopela ikwere m'mwamba, pulopela imayamwa mpweya kuchokera pamwamba pa madzi, mumangomva injini yakuwa mwadzidzidzi makamaka pokhota, marevu, ndiye kuzungulira kwa injini, akwera koma liwiro latsika. Ikatsitsidwa kwambiri ndiye chitsulo chambiri chikukwekwereka m'madzi. Bowo limodzi lokha pa mabawuti omangira injini limasintha boti lonse, ndipo ntchito yake sifuna kugula kanthu, imafuna kuleza mtima, kukweza, kuyesa, kulemba manambala mu kope, kuyesanso. Musasinthe zinthu ziwiri nthawi imodzi aise, simudzadziwa chimene chathandiza.

Palinso kalabala kamene kamakhala mkati mwa pulopela, amakaika dala kuti mukagunda chinthu kayambe ndiko kuwonongeka giya ipulumuke. Kakatha, shafti imazungulira koma mapiko nkumatsalira. Kuyeza kwake nkosavuta, jambulani mzere ndi cholembera cha maka pa pulopela kudutsa pakati mpaka kunja, yendetsani boti mwamphamvu, mukabwera nkupeza mzere waduka pawiri basi mwaupeza mlandu. Anzanga a ku Mangochi ndi ku Nkhotakota amene muli ndi mainjini a Yamaha pa maboti a usodzi, izi zikukhudzani inunso.

Zonsezi zikakhala bwino mpamene timakamba zosintha pulopela. Ya aluminiyamu ndi yotchipa koma mapiko ake ndi ochindikala ndipo amapindikira pang'ono pa mphamvu, ya stainless imagwira madzi bwino koma ndi yodula ndipo mukagunda mwala nkhonya yambiri imapita ku giya. Ya mapiko anayi imanyamuka msanga ndi kugwira bwino pokhota, yabwino kwa okoka anthu kumbuyo, ngakhale nthawi zambiri liwiro lapamwamba limatsikako. Ena amapinda kamlomo kumapeto kwa mapiko, amati cup, nako kamachepetsa kutsetsereka. Koma chilichonse mungasankhe marevu akhale m'malire amene opanga injini analemba m'buku, ndipo kumbukirani kuti inchi imodzi ya pitch imasintha marevu ndi 150 mpaka 200.

Chomaliza, Vaal Dam ili pamtunda, pafupifupi mamita 1,500 kukwera m'mwamba kuchokera pa nyanja yamchere, theka la Sapitwa wathuyu. Mpweya ndi wopepuka kumeneko nde injini imataya mphamvu pafupifupi 3 peresenti pa mamita 300 aliwonse amene mwakwera. Munthu amagula boti ku Durban likuuluka, kufika nalo ku Vaal kuja layamba ulesi, iye nkumati injini yafa pomwe imangofuna pitch yocheperako. Amenewa timawalandira pafupifupi Disembala aliyense.

Mafunso tumizani pa WhatsApp monga mwa nthawi zonse, sabata yamawa ndikamba za mapepala a sikipa, chiphaso choyendetsera boti, ndi momwe mlendo angayambire kuwafuna. Tsalani bwino.