Msana, jakisoni ndi miseche ya pa WhatsApp

Muli bwanji a ku Leeds, a ku Luton, ndi inu a ku Joni amene mumandimvera pa shifiti ya usiku. Lero ndapsa mtima. Mkulu amene ndimakhala naye nyumba watsegula firiji, wapeza kabokosi kanga ka adalimumab, jakisoni wa matenda anga a msana, wawerenga kapepala ka m'kati n'kuona mawu oti lymphoma, mtundu wina wa khansa. Osandifunsa ine, nkhani yafika kale kwa amayi ku Ntcheu. Amayi akulira: "Mwana wanga, akukubaya khansa kumeneko!"

Matenda anga ndi ankylosing spondylitis, nyamakazi ya msana. Ukagona umapweteka, ukayendayenda umapepuka. M'mawa ndinkadzuka ngati nkhalamba, koma n'kupita kukanyamula agogo a eni ake ku care home. Kwathu ankati ndalodzedwa chifukwa cha visa. Naproxen, mankhwala opha ululu, ndinamwa mpaka m'mimba munayamba kuwotcha.

Tsono mverani, inu okonda kufalitsa. Jakisoniyu ndimadzibaya ndekha pakatha milungu iwiri iliyonse. Amatsekereza TNF, kanthu ka m'thupi koyambitsa kutupa, komwenso kamathandiza chitetezo. Mantha a khansa amachokera pamenepo. Koma ku Sweden ndi ku Denmark anatsatira odwala msana masauzande, ndipo mu 2017 analemba kuti obayidwa mankhwalawa sadwala khansa kuposa anzawo osabayidwa. Khungu lokha adokotala anati ndiziliyang'anira, kachilonda kosapola ndikawaonetse. Zomwe zinapwetekadi anthu ndi zakale: pakati pa 1935 ndi 1954 kuno ku Britain ankawotcha misana yotereyi ndi X-ray, ena n'kudwala khansa ya m'magazi. Kuwerenga mzere umodzi si udokotala, abale.

Ife obadwira kwathu choopsa chenicheni ndi TB. Imatha kugona m'thupi zaka zambiri usakutsokomola, jakisoniyu n'kuidzutsa. Asanandiyambitse anandijambula chifuwa, kuyeza magazi, hepatitis B, zonse. Anaipeza yogona ija. Miyezi 3 ya rifampicin ndi isoniazid, mankhwala a TB, mkodzo wofiirira ngati... iyayi, pali ana akumvera.

Wina ku tchalitchi akuti ndisiye, ndingopemphera. Kupemphera ndimapemphera, achimwene. Komanso Home Office ndimaipatsa £1,035 pachaka ya chipatala, ndiye jakisoni wangayo sindisiya ngakhale mmodzi. Dzulo ndamanga ndekha zingwe za nsapato, chiimire.