Chikumbutso cha Joseph Bazalgette ku London

Zikomo amfumu, zikomo amayi ndi abambo nonse.

Ku London, m'mbali mwa mtsinje wa Thames, pamsewu wa Victoria Embankment pafupi ndi mlatho wa Hungerford, pali chikumbutso cha injiniya wina dzina lake Joseph Bazalgette. N'chaching'ono ndithu, ambiri amangodutsa osachiona. Ndi mutu ndi mapewa basi, zamkuwa, zoikidwa pakhoma la mwala, munthuyo ali ndi dazi komanso ndevu zambiri zapamlomo. Anachipanga ndi George Blackall Simonds, mwana wa banja lofulula mowa ku Reading, yemwe uja anapanganso chimkango chachitsulo chokumbukira asilikali amene anafera pankhondo ya ku Maiwand m'tauni yakwawoyo mu 1886. Chikumbutso cha Bazalgette anachionetsa kwa anthu mu 1901, Bazalgette atamwalira kale mu 1891.

Nanga anachita chiyani bambo ameneyu? Kale zonyansa za m'zimbudzi za mu London zinkathira mu Thames, anthu n'kumamwa madzi omwewo. Kolera ya mu 1853 ndi 1854 inapha anthu oposa 10,000. Ife tisadabwe, paja kolera ya mu 2022 ndi 2023 inatitengera abale oposa 1,700 kuno ku Malawi. Mu 1858 kunatentha zedi, mtsinje unanunkha mpaka aphungu a Nyumba ya Malamulo, imene ili m'mphepete momwemo, analephera kupirira. M'pamene anavomereza ndalama zomangira ngalande za zonyansa. Chinawadzutsa si maliro a anthu osauka ayi, koma fungo lofika pamphuno pawo.

Bazalgette, amene anali injiniya wamkulu wa Metropolitan Board of Works, bungwe loyang'anira ntchito zomangamanga mumzindawo, anamanga ngalande zanjerwa pansi pa nthaka, zikuluzikuluzo zotalika makilomita pafupifupi 130, zokataya zonyansa kumunsi kwa mzinda. Simenti ankayamba aiyesa kaye mphamvu isanagwire njerwa, n'chifukwa chake ngalandezo zikugwirabe ntchito lero. Msewu umene pali chikumbutsowo anaumanganso ndi iyeyo, ndipo imodzi mwa ngalandezo ikudutsa pansi pake penipeni.

Kolera itabweranso mu 1866, inasakaza kwambiri kum'mawa kwa mzinda, kumene ntchitoyo inali isanathe.

Simonds anaigwira bwino ntchito yake, nkhopeyo ndi ya munthu woganiza mofatsa. Koma ine chimandiwawa n'chakuti amisiri amene anakumba m'matope onunkha aja, n'kuyala njerwa zoposa 300 miliyoni, palibe ndi mmodzi yemwe amene dzina lake linalembedwa pakhomapo.