Mphasa ya yoga yopangidwa ndi majuzi akale: madzi otentha si amene amagwira ntchito!

Juzi yakaleyo musataye ayi! Takulandirani nonse. Lero tikupanga mphasa yochitira yoga ndi majuzi a ubweya wa nkhosa, ndipo musachoke msanga, pali bodza limodzi limene landitopetsa kwabasi.

Choyamba, majuzi. Anayi kapena asanu akuluakulu. A pa kaunjika ali bwino, makamaka mu Okutobala kukamatentha, pamene palibe akuwayang'ana. Lebulo inene kuti 100% wool. Ikati acrylic (ulusi wa pulasitiki) kapena superwash (ubweya wokonzedwa ndi mankhwala kuti usamachepe pochapa), bwezerani pamulu. Lebulo palibe? Sololani kaulusi muotche. Ubweya umanunkha tsitsi lopserera n'kusiya phulusa lofumbutuka, pomwe acrylic imasungunuka n'kuuma gwa.

Chachiwiri, kuugwiranitsa ubweyawo kuti ukhale chinsalu chochindikala. Apa ndiye pali nkhani. Anthu amangoti: "Iwiritse juziyo, madzi otentha ndi amene amaichepetsa." Bodza limenelo, abale anga! Odaya ubweya amauphika m'madzi otsala pang'ono kuwira kwa nthawi yaitali, koma umatuluka bwinobwino. Chifukwa? Sautakasa.

Tayang'anani pa sikirinipa. Kaubweya kalikonse kali ndi timamba ngati ta nsomba, toloza mbali imodzi. Madzi otentha ndi sopo amangofufumitsa ubweyawo, timambato n'kutseguka. Ndi pokhapo. Koma mukayamba kufikisa, kaubweya kamayenda kulowera mbali imodzi, kubwerera kosatheka chifukwa timamba takolana ndi ta kanzake. Mukapitiriza, zonse zimapiringizana, juzi n'kuchepa, n'kulimba, osadzabwereranso mwakale. Ndiye ntchito ili m'manja mwanumo, osati pa mbaula. N'chifukwa chake superwash imakana: ku fakitale timamba take anatisalaza ndi mankhwala n'kutikuta. Iwiritseni tsiku lonse, mungotha makala.

Ngati mwamvapo chachilendo apa, dinani like. Amene simunapange subscribe, batani ndi limenelo m'munsimu.

Ndiye tengani mabeseni awiri, lina la madzi otentha oti dzanja lipirire muli sopo, lina la ozizira. Fikisani, kandani, pondani ndi mapazi ngati mukufuna, kenako viikani mozizira, mubwererenso motentha. Mudzatopa, sindikunamizani. Amene muli ndi makina ochapira, ikani majuziwo mu pilokesi, muponyemo jinzi yakale kuti zizikhulana. Mudziwa kuti zatheka mukaona kuti malukidwe aja sakuonekanso, ndipo mukadula ndi sizasi ulusi sukusololoka.

Chachitatu, yanikani pamalo osalala, dulani manja ndi khosi, mupeze zidutswa za makona anayi.

Chachinayi, kusoka. Mphasa ya yoga nthawi zambiri imakhala masentimita 173 m'litali, 61 m'lifupi. Zidutswazo musazisanjikize pamsoko, bondo likafika pamenepo mudzalira. Zigundanitseni m'mbali n'kusoka zigizagi, kapena perekani kwa telala.

Chachisanu, ichi chokha musachidumphe chonde. Ubweya umaterereka pa simenti yopaka polishi ndi pa matailosi, munthu mutha kugwa n'kuvulala. Sokererani kunsi kwake labala yopyapyala, ija amaika pansi pa kapeti.

Ndinene chilungamo, mphasa imeneyi ndimaikonda pa yoga yokhala pansi, yogwada ndi yodziwongola m'mawa wa mu Juni simenti ikuzizira. Pa yodumphadumpha, ya thukuta, ya labala ya m'sitolo imagwira bwino kuposa iyi.

Manja a majuzi aja sungani, vidiyo ikubwerayi tisoka chikwama chonyamulira mphasayi. Lembani mu comment kuti juzi yanu inagwirana kapena inakana, komanso lebulo yake imati chiyani.