Mphoto za AMVCA: wopambana amapezeka bwanji?

[Pa sikirini: kapeti wofiira pa Eko Hotel, Lagos]

Takulandirani nonse. Lero tikamba za Africa Magic Viewers' Choice Awards, mphoto zomwe ambiri timangoti AMVCA. Amakonza mwambowu ndi a MultiChoice, eni ake a DStv ndi GOtv. Woyamba unachitika mu Marichi 2013 ku Lagos, m'dziko la Nigeria, ndipo mu 2019 ndi 2021 sunachitike. Usiku wa mwambowo maso a anthu amakhala pa zovala, koma mpikisano weniweni umakhala utatha kale. Tiyeni tiulondole kuyambira poyambira.

Choyamba, palibe amene adzabwere kudzakufunafunani. Mwini filimu kapena sewero la pa TV amalowetsa yekha ntchito yake pa webusaiti ya Africa Magic, m'masiku omwe alengeza, ndipo iyenera kukhala yoti inaonetsedwa kwa anthu m'miyezi yomwe atchula. Tsiku lotseka likakudutsani, kwatha, ngakhale seweroli likhale lokoma chotani.

Kenako gulu la oweruza, akatswiri a ntchito ya mafilimu, limaonera zomwe zalowa n'kusankhapo zochepa m'gawo lililonse. Apa njira zimagawanika pawiri. Magawo ena opambana amasankhidwa ndi oonera, povota pa webusaiti kapena pa mapulogalamu a pafoni a MyDStv ndi MyGOtv. Ena amagamula ndi oweruza okha: kujambula, kulumikiza zithunzi, mawu ndi phokoso, kalembedwe ka nkhani, wotsogolera sewero.

Kusiyana kumeneku n'kofunika kwa ife. Nigeria ili ndi anthu opitirira 200 miliyoni, Malawi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a chiwerengero chimenecho. Pa mavoti, wochita sewero wa ku Blantyre kapena ku Lusaka amakhala atagonja asanayambe. Nthawi zambiri amene amawina ndi amene ali ndi omutsatira ambiri pa Instagram. N'chifukwa chake zomwe okonza mwambowu anachita mu 2024 zinali zoyenera: mphoto za akatswiri otsogola pochita sewero, wamwamuna ndi wamkazi, anazichotsa ku mavoti n'kuzipereka m'manja mwa oweruza. Chaka chimenecho anawina Wale Ojo ndi Kehinde Bankole.

[Pa sikirini: maikolofoni pandodo, pamwamba pa ochita sewero]

Nanga oweruza amagwetsa ntchito pa chiyani? Choyamba chomwe chingagwetse ntchito ndi kamvekedwe ka mawu. Chithunzi chosawala bwino munthu amapirira, koma mawu osamveka ayi. Mukadalira maikolofoni ya pakamera muli mamita atatu, mumatola jenereta, tambala wa kwa aneba ndi mphepo, mawu a wosewera n'kumamveka ngati ali m'mgolo. Maikolofoni ikhale pandodo, pamwamba pang'ono pa mutu, yoloza pakamwa, yovekedwa chotchinga mphepo, ndipo wina azimvetsera pa mahedifoni nthawi yonse. Mukatha chigawo, onse akhale chete mujambule phokoso la malowo kwa mphindi imodzi. Wolumikiza adzaligwiritsa ntchito kutseka mipata, kuti phokoso lisamadumphe pomwe wadula.

Chachiwiri ndi mawu olembedwa pansi pa chithunzi. Woweruza wa ku Lagos kapena ku Nairobi samva Chichewa, choncho sewero lanu lonse amalimva kudzera m'mizere imeneyo. Isapitirire iwiri, ichedwe mokwanira kuti munthu awerenge, ndipo ituluke pomwe wosewera wayamba kulankhula. Ntchitoyi ipatseni munthu wodziwa bwino zilankhulo zonse ziwiri, osati kuithamangitsa usiku womaliza. Nyimbo za eni ake musaziike popanda chilolezo cholembedwa.

Kuti Mmalawi angathe kuwina, umboni ulipo. Mu 2016 Joyce Mhango Chavula anawina mphoto ya filimu yabwino kwambiri ya kum'mwera kwa Africa ndi filimu yake yotchedwa Lilongwe, ndipo mu 2018 Shemu Joyah anatenga mphoto yomweyo ndi The Road to Sunrise. Mu 2024 mafilimu a m'zilankhulo za makolo anawagawa m'zigawo zitatu, kumadzulo, kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa. Gawo lakum'mweralo ndi lomwe filimu ya Chichewa kapena Chinyanja ingalowemo osalimbana ndi za Chiyoruba ndi Chiswahili. Koma magawo amasintha chaka ndi chaka, ndiye werengani malamulo a chaka chimenecho musanatumize.