Kuwedza trout pa chubu cha mota: zovala ndi zonyamula

[Kamera pa chubu chopopa kale, chili m'mbali mwa damu]

Moni nonse. Ichi amachitcha float tube: kampando pakati pa machubu a mpweya, msodzi n'kukhalapo miyendo ili m'madzi. Asodzi a trout ku America, ku Canada ndi ku Dullstroom ku South Africa amachikonda kwambiri. Ena amamangirirapo kamota ka magetsi koyendera batire ya 12V. Kamotako n'kabwino, koma kamakufikitsani kutali kumene miyendo yanu singathe kukubwezani.

Trout ndi nsomba ya m'madzi ozizira. Kwathu kuno imapezeka m'mwamba mwa mapiri, ku Zomba ndi ku Nyika. Imakonda madzi a madigiri 10 mpaka 16, ndipo munthu akagwera m'madzi otere mpweya umabanika pompo. Mphindi yoyamba amangopumira m'mwamba, ena amameza madzi nthawi yomweyo. Pakatha mphindi ngati 10 zala zimauma, ngakhale chingwe sangachigwire. Kudziwa kusambira apa sikuthandiza kwenikweni.

[Wofotokoza akuvala jekete]

N'chifukwa chake jekete yoyandamitsa muivale musanakwere, muimange zingwe zonse. Yoika kumbuyo kwa mpando ilibe ntchito. Thalauza la labala lofika pachifuwali, la waders, limafuna lamba wothina m'chiuno. Popanda lamba madzi amadzazamo, ndipo kukwereranso pa chubu kumakhala chintchito. Mkati muvale za ubweya, za thonje zikanyowa zimazizira koopsa.

Zipsepse zovala kumapazi popalasa madzi musazisiye m'galimoto poti muli ndi mota. Batire imatha, nayo propela imakodwa mu udzu kapena mu chingwe chanu chomwe. Ndiye poyamba ulendo lowerani kumene mphepo ikuchokera, kuti zikavuta ikukankhireni kumtunda kumene munachokera.

[Pafupi: bokosi la batire]

Taonani apa. Batire ili m'bokosi lotseka, lomangidwa bwino, fyuzi ili pafupi ndi mutu wa positive. Onkhetsani kulemera kwanu, kwa batire ndi kwa mota, muyerekeze ndi malire amene fakitale inalemba pa chubucho. Propelayo ili pafupi ndi mapazi anu, choncho zimitsani mota musanayambe kukokera nsomba mu kaukonde.

Gulani chubu cha zipinda za mpweya ziwiri kapena kuposa, china chikaphwa chinzake chikusungeni. Mukapopa padzuwa n'kuchiika m'madzi ozizira chimafewa, muonjezere pang'ono. Mukachisiya pamtunda masana, chotsaniko mpweya chingaphulike.

Wenzulo ikhale pa jekete, foni m'kathumba kosalowa madzi, ndipo wina kunyumba adziwe damu limene mwapita. Ku madera ambiri a America chubu chikangokhala ndi mota chimafunika kulembetsa ngati boti, ndiye funsani kaye. Mukamva bingu tulukani msanga, chifukwa ndodo yowedzera yopangidwa ndi graphite imadutsa magetsi.